Lipoti la msonkhano wa matenda a m'mapapo ku Thyolo boma

Amfumu, a wapampando ndi nonse a komiti ya zaumoyo, zikomo pondituma. Ndinapita Lachinayi lija, ngakhale chiperoni chinandinyowetsa ndisanafike n'komwe pasiteji. Nkhani yaikulu inali ya mphumu.

Anatiuza kuti njira za mpweya m'mapapo zazunguliridwa ndi timinofu. Mphumu ikadzuka, timinofuto timafinya, mkati n'kutupa, ndiye pachifuwa pamalira ngati mluzu. Inhela (kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa) yabuluu, ya salbutamol, imamasula timinofuto m'mphindi ngati 5, mphamvu yake n'kutha pakapita maola 4 mpaka 6. Koma kutupa siichotsa. Yochotsa kutupa ndi ina ya beclomethasone, kawirikawiri yabulawuni, yopopera tsiku lililonse ngakhale uli bwinobwino, ukatha n'kuchukucha m'kamwa.

Poyeza, munthu amauzira mwamphamvu m'kachipangizo kotchedwa spirometer, n'kupopera yabuluu ija kanayi, kudikira mphindi 15, n'kuuziranso. Mpweya wotuluka pa sekondi yoyamba ukaonjezereka ndi 12 peresenti komanso mamililita 200, zikuloza ku mphumu. Kwa agogo athu amene mapapo anawonongeka ndi fodya kapena utsi wa nkhuni, matenda amene akuti COPD, nambala imangosuntha pang'ono. Inhela imawachepetsera befu, koma chowonongeka sichibwerera.

Pamene ndinachita manyazi ndi pa kapoperedwe. Mwana wanga wamkazi ndakhala ndikumupopera m'kamwa ngati ndikupha udzudzu, osadziwa kuti mankhwala ambiri amangothera pakhosi. Namwino anatenga botolo lapulasitiki la mamililita 500, analiboola kunsi molingana ndi kukamwa kwa inhela, n'kuilowetsa mothina. Wodwala amavwira kukamwa kwa botolo. Ugwedeze inhela, upopere kamodzi kokha, iye apume kasanu, ndiye ubwereze ngati kukufunika. Ndinakayesa kunyumba usiku womwewo, mwana anagona.

Ndinafunsanso lija munandituma, lakuti ukayamba kupopera sudzasiyanso. Si zoona. Kupopera kamodzi ndi mamayikulogalamu 100, pomwe piritsi la salbutamol la mamiligalamu 4 ndi kuchulukitsa ka 40, ndipo limayenda thupi lonse. N'chifukwa chake mapiritsi amanjenjemeretsa manja, mtima n'kumathamanga. Chodetsa nkhawa n'chakuti wina azipopera yabuluu kupitirira kawiri pa sabata. Ameneyo mphumu yake sinagonje, abwerere kuchipatala. Wotsokomola masabata awiri akayezetse makhololo kuti aone ngati si chifuwa chachikulu (TB), tisamangoti ndi mphumu.

Pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi botolo lotsuka bwino. Mpeni ndidzatenga ine.