Lipoti la msonkhano wa inshulansi, kwa gulu lathu la ojambula maukwati ku Mangochi

A Wapampando, amayi ndi abambo anzanga,

Munandituma ku Blantyre kukamva zomwe a inshulansi akunena pa zipangizo zathu, ndipo funso lomwe munandisenzetsa linali lakuti: kamera ikabedwa kapena ikagwera m'nyanja, alipo amene angatibwezere? Alipo. Koma amabweza zokhazo zomwe zinalembedwa bwino pa pepala ngozi isanachitike, ndipo ife pa nkhani yolemba ndiye tili m'mbuyo kwambiri.

Ndiyambe ndi zipangizo. Inshulansi yotiyenera amaitchula kuti all risks, chifukwa imatsata katundu kulikonse komwe wapita, pomwe ya moto kapena ya akuba othyola nyumba imateteza katundu ali m'situdiyo basi. Ife katundu wathu sagona malo amodzi: Loweruka m'mawa ali ku tchalitchi pa boma, masana ali pa mchenga ku Nkopola, mawa lake ali pa nikah ku Namwera. Kampani imafuna mndandanda wa chilichonse payekhapayekha, kamera, lenzi, fulashi, laputopu, drone, ndi serial number yake, mtengo wake ndi risiti. Ndinawauza kuti ambirife tinagula makamera a kaunjika kapena anatibweretsera achibale ochokera ku Joni, risiti tilibe. Anati zimenezo zikambidwe poyambirira, munthu abweretse zithunzi za chipangizocho zoonetsa nambala yake ndi kalata ya mtengo yochokera kwa ogulitsa, kampani ivomereze molemba. Mukadikira kuti kamera iyambe yasowa ndiye muzifotokoza, mudzavutika.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa mtengo. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu May 2022, ndipo zipangizo zathu zonse zimachokera kunja. Munthu akalembetsa kamera pa mtengo wakale pofuna kuti azilipira zochepa, makampani ambiri amamudula pomubwezera. Tiyerekeze kuti mwalembetsa kamera pa K2,000,000 pomwe kugula ina yofanana nayo lero ndi K4,000,000. Yagwa pa sitandi, okonza akuti K1,000,000. Kampani idzati munateteza theka la mtengo, choncho ikupatsani theka, K500,000. Pamenepo ichotsaponso excess, ija ndalama yoyamba yomwe mwini katundu amadzilipirira yekha pa ngozi iliyonse. Mutha kupereka ndalama chaka chonse mokhulupirika n'kudzalandira zosakwana ngakhale lenzi imodzi. Maganizo anga ndi akuti tilembetse mitengo yeniyeni ya lero, tiziunikanso chaka chilichonse, ngakhale zipweteke m'thumba. Funsaninso ngati adzakupatseni mtengo wa chatsopano kapena adzachotsa za kukalamba kwa chipangizocho, chifukwa mapepala amasiyana pamenepa.

Zomwe kawirikawiri salipira ndi izi: kutha kwa katundu chifukwa chogwira ntchito nthawi yaitali, nkhungu ya m'lenzi yobwera ndi chinyontho, fumbi ndi mchenga wolowa pang'onopang'ono, kamera yongofa yokha, ndi chikwama chosiyidwa poonekera m'galimoto yopanda munthu. Kungoti "chasowa" osadziwa kuti chasowa liti komanso kuti, nakonso amakana. Katundu akabedwa, lipoti la apolisi likufunika msanga, ndipo kampani iuzidwe m'masiku omwe alembedwa pa pepalalo.

Ndinalimbikira nkhani ya nyanja chifukwa anzathu a m'tauni saiganizira. Kuno akwati amafuna zithunzi za m'boti ku Cape Maclear, ena amafuna tiime m'madzi ofika m'mawondo dzuwa likulowa, ndipo nyengo ya mwera funde limakupeza osakonzeka. Opita ku Makanjira nyengo ya mvula mukudziwa momwe chikwama chimayendera pa njinga yamoto. Yankho la a inshulansi linali lakuti tiwauze zonsezi polembetsa, zilembedwe kuti katunduyo amakwera boti ndi kabaza. Chomwe mwabisa polembetsa ndi chomwe adzakanire kulipira.

Gawo lachiwiri simunanditume, koma ndaona kuti ndi lolemera kuposa loyambalo. Amalitchula kuti public liability, ndipo limakhudza anthu ena omwe avulala kapena katundu wawo waonongeka chifukwa cha ntchito yathu. Taganizirani nthawi ya perekaniperekani: holo yadzaza, ankhoswe akuvina ndi mbale ya ndalama, ana akuthamanga pakati pa mipando, ndipo waya wathu wochokera ku jenereta wadutsa pansi osamatidwa. Gogo wina akodwa, agwa, athyoka chiuno. Kapena sitandi ya laiti yakankhidwa ndi mphepo n'kugwera mwana pamutu. Kamera ikatayika mumadziwa polekezera pa ndalama zomwe mwataya, koma munthu akavulala, za chipatala, za maloya ndi chipukuta misozi zimatha kuposa katundu yense wa m'situdiyo. Inshulansi imeneyi ndiyo imanyamula zimenezo mpaka pa mlingo womwe mwagwirizana. Eni drone samalani: nthawi zambiri zouluka sizikhalamo pokhapokha mutapempha padera, ndipo adzafunsa ngati muli ndi chilolezo cha akuluakulu oona za ndege.

Anyamata otinyamulira zikwama ndi kugwira malaiti sali m'gulu la "anthu ena". Iwo ndi antchito athu, ndipo lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limaika udindo pa bwana wantchito akavulala pa ntchito. Imeneyo ndi inshulansi ina payokha.

Nanga memory card ikafa, zithunzi za ukwati wonse n'kupita? All risks ikati ilipire, idzalipira kadiyo, osati zithunzizo, ndipo public liability siikhudzako. Pali ina ya kulakwitsa pa ntchito yotchedwa professional indemnity, koma ngakhale italipira, banja lija silidzavalanso veilo kachiwiri. Apa chitetezo chenicheni ndi kamera yolemba pa makadi awiri, kukopera zithunzi malo awiri usiku womwewo, ndi mgwirizano wolembedwa ndi komiti ya ukwati wonena zomwe tidzabweze zinthu zikavuta.

Makampani a inshulansi ya katundu alipo angapo, monga NICO General, Britam, General Alliance ndi Reunion. Onse amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, komwe kulinso ofesi ya Registrar of Financial Institutions yolandira madandaulo kampani ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka. Aliyense wobwera kudzatigulitsa inshulansi ayambe waonetsa chiphaso chake, ndipo ndalama zizipita ku akaunti ya kampani, risiti n'kutuluka.

Pempho langa ndi lakuti tisapite mmodzimmodzi. Tipeze broker wovomerezeka, mkhalapakati wa ife ndi makampani a inshulansi, atitengere mitengo ku makampani osachepera atatu, ya zipangizo ndi ya public liability pamodzi, tione ngati kubwera ngati gulu kungatitsitsireko mtengo. Kuti zimenezo zitheke, pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi mndandanda wa zipangizo zake, manambala ake, zithunzi zake ndi mitengo ya lero. A Mlembi akonze fomu imodzi yoti tonse tilembepo, ndipo omwe amabwereka kapena kuchita hayala makamera a anzawo alembe zimenezo pa mzere wakewake, chifukwa broker adzafunsa kuti mwini wake weniweni ndani.