Za denga la agogo a Nangozo

Mtendere, Lusaka
2 Ogasiti 2024

Achemwali,

Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko pamodzi ndi ana ndi alamu. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti za mwendo wawo ndamva, asiye kaye kutsikira kudimba m'mamawa. Ena onse ndidzawalonjera tsiku lina, lero ndili ndi nkhani.

Talandira Lachitatu. Ndatumiza K190,000 pa nambala yanu, osati ya alamu, chifukwa chake mukuchidziwa. K90,000 mugule chimanga pompano mavenda asanakwezenso. K40,000 ndi fizi ya Chikondi, K20,000 ndi ya amayi, ya sopo, shuga ndi kabaza wopita kuchipatala. K40,000 yotsalayo ndi ya agogo a Nangozo. Ndabwereza, ya agogo a Nangozo.

Mu Meyi ndinatumiza K30,000 yoti mupeze udzu, mitengo ndi pepala la pulasitiki, anyamata afolere nyumba ya agogowo imene denga lake linagwa. Ndamva kuti mpaka lero akugona m'khitchini pambali pa mafuwa, kuzizira konse kwa Juni ndi Julayi kwawathera mmenemo. Ndamvanso kuti pakhonde panu payamba kulira sipika ya sola. Musavutike kufufuza wandiuza. Anthu akwathu amadutsa pa Mwami tsiku ndi tsiku, ndipo basi ya ku Chipata ikafika pa Intercity nkhani zimatsika limodzi ndi katundu. Sindikunena kuti alamu aba. Ndikungofunsa kuti sipika yagulidwa ndi ndalama iti chaka chimene mtedza sunabereke.

Nditakufunsani pa foni munati agogowo ali ndi mwana ku Joni, awathandize yemweyo. Mwana amene sanabwere ndi pa maliro a bambo ake pomwe, amene sanatumizepo ngakhale bulangete? Ndiye tizimudikira iyeyo mpaka mvula ya Novembala iwapeze agogo alibe pogona? Munatinso njala ndi ya tonse. Zoonadi. A Chakwera analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya chilala, kuno a Hichilema anali atanena kale zomwezo mu Febuluwale. Magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse chifukwa madzi atsika ku Kariba, makala akwera, ufa wakwera, lendi sidikira. Ndalama imene ndikutumizayi ndikuichotsa pakamwa panga. Koma njala ya munthu amene ali ndi mlongo ku Lusaka si imodzi ndi ya nkhalamba imene singathenso ndi ganyu yemwe.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse. Alamu akayambanso nkhani imeneyo mundiflashe, ndiimba.

Chandiwawa kwambiri ndi zimene akuti zinanenedwa pakati pa amayi a Chigwirizano, kuti banja limenelo ndi la kudambwe, silinapondepo m'tchalitchi, komanso kuti agogowo amanong'onedwa za ufiti. Achemwali, inu mumavala yunifomu, Luka 10 mumaidziwa kuposa ine. Amene analambalala munthu wovulala uja anali wansembe ndi Mlevi, anthu a pakachisi, ndipo akanafunsidwa aliyense akanapereka chifukwa chomveka bwino. Amene anaima, namanga mabala, nasiya ndalama kunyumba ya alendo, anali Msamariya, mtundu umene Ayuda sankayenderana nawo. Za ufitizo musandiuze n'komwe. Kwathu nkhalamba ikasauka n'kutsala yokha basi yasanduka mfiti. Nthawi imene ankatigawira maungu tili ana munalibe mantha. Ndipo usiku umene Chikondi ankabadwa, ngolo itachedwa, anagwada pamphasa n'kukuchirikizani ndani?

Za mu Januwale ndinangokuuzani kuti ndinadwala m'mimba, kuopa amayi. Inali kolera. Ndi nthawi ija bwalo la mpira la Heroes analisandutsa chipatala, sukulu n'kuchedwa kutsegulidwa. Inandiyamba usiku. Anzanga a pa yadi anatseka zitseko, ndipo sindiwadzudzula, anthu ankafadi. Amene anagogoda ndi mayi wa chitseko choyandikana nane, Mbemba wa ku Kasama, wa Sabata, wogulitsa tomato pamsika wa Mtendere, amene tinkangokangana za madzi otsukira mbale otayira pakhomo. Anavala majumbo m'manja, nasungunula mchere ndi shuga m'madzi owiritsa, n'kumandimwetsa pang'onopang'ono atandichirikiza mutu. Anakolopa pansi ndi klorini, naitana takisi, nalipira ndi ndalama yoti akaodere tomato kumsika wa Soweto m'mawa mwake. Tsiku limenelo benchi yake inakhala yopanda kanthu. Sanandifunse kumene ndimapemphera, sanafunse za mapepala anga ngakhale amadziwa kuti ndine wa ku Malawi. Akanati uyu ali ndi abale ake ku Mchinji, bwenzi mutalandira uthenga wina, ndipo ndalama imene mukatape mawayi bwenzi kulibe.

Chikondi muuzeni ndaona lipoti lake. Masamu amenewo ayi.

Zoti tikapatsa mmodzi onse abwera, abwere. Amene mungathe mum'patsa, amene simungathe mumuuza kuti lero palibe. Sindinati mudyetse anthu onse mpaka ku Kamwendo. Ndanena nyumba imodzi, imene utsi wake umalowa pakhomo panu. Ndipo musapite kukangowapempherera n'kubwerako. Werengani Yakobo 2 pamene akunena za kuuza waumphawi kuti akafunde ndi kukhuta osam'patsa kanthu.

Ndiye muchite chonchi. Udzu ukasowa pafupi mukagule, anyamata muwalipire akamaliza, osati asanayambe. Pepala likhale latsopano, osati lija munayanikapo soya. Ya mu Meyi ija sindiiwala. Ngati alamu alibe yobweza, akwere okha padenga, mitengo adule okha, ndiye kubweza kwake. Mukachoka kuchigayo chitini chimodzi cha ufa chizitsikira kwa agogo, ndipo Chikondi akamatunga madzi ku mjigo ndowa imodzi azisiya kumeneko. Izi sizifuna ndalama ya ku Lusaka.

Mukapeza munthu wobwera kuno munditumizireko mfutso ndi nsinjiro. Ndiwo za kuno zilipo koma sizikoma ngati za mumphika wa amayi. Pa Khirisimasi abwana akandimasula ndibwera, ndipo ndidzayamba kaona dengalo ndisanalowe m'nyumba mwanu.

Likatha mujambule pa WhatsApp, agogo ataima pakhomo pake kuti ndizindikire nyumbayo. Chithunzicho chifike mwezi uno usanathe. Kupanda apo ya Seputembala ndidzaidzeretsa kwa mkulu wa mpingo, ndipo manyazi ake adzakhala anu ndi alamu.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Tadala