Tinawakaniza bambo athu kukwatiranso

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule m'nyuzipepala yanu, ngakhale wolakwa pa nkhaniyi ndine ndemwe.

Bambo anga ali ndi zaka 76. Anayamba ukalaliki m'boma likulu lisanachoke kuno ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo atapuma anamanga kanyumba ku Matawale. Mayi anatisiya zaka zinayi zapitazo. Akuchikazi anabwera kuchokera ku Jali, nawasudzula monga mwa mwambo, nati ndinu omasuka. Tonse tinamva, koma palibe anaganiza kuti bambo adzawatenga mawuwo ngati enieni.

Chaka chatha anandiitanitsa. "Mayi, ndapeza mnzanga," anatero akuyang'ana pansi. Mnzawoyo ndi mayi wamasiye wa kumpingo kwawo, amagulitsa masamba pa Mpondabwino. Achimwene a ku Joni atamva anakalipa pa WhatsApp kuti ameneyo akufuna nyumba basi. Ine ndinaonjezera zanga: "Bambo, pa msinkhu wanuwu? Anthu atiseka." Anangoti, "Chabwino, ndamva," ndipo sanaitchulenso.

Mwezi wa Juni mwana wanga wa ku Chanco anabwera ndi kanema pa kompyuta yake. Ndinkati ndi za Amwenye zija zovina m'mapiri, koma ayi. Anali wa m'Chimalayalam, chiyankhulo cha ku Kerala kum'mwera kwa India, wopata mphoto, wonena za kusungulumwa kwa okalamba ndi kupeza mnzako dzuwa litapendeka. Ndinkatsatira timawu ta m'munsi movutikira, koma nkhaniyo ndinaizindikira msanga. Anthu ambiri a ku Kerala amakagwira ntchito ku Dubai ndi maiko ena a Aluya, nkumatumiza ndalama kwa makolo otsala okha m'nyumba. Kodi si ife amenewo ndi Joni wathuyu? Ku Kerala komweko, mumzinda wa Thrissur, nkhalamba ziwiri za m'nyumba ya boma yosungira okalamba zinamanga ukwati mu Disembala 2019, anthu nkuzisangalalira.

Kutacha ndinakwera kabaza kupita kwa bambo osawauza. Mukudziwa kuzizira kotsika m'phiri nyengo imeneyo. Ndinawapeza pakhonde atavala majuzi awiri, wailesi ikudziyankhulira yokha kuchipinda. Kukhitchini thumba la ufa limene ndinatumiza pa Pasaka linali chimangire. Pathebulo panali buledi wouma ndi kapu ya tiyi. Nditafunsa anati, "Nsima ya munthu mmodzi imavuta kuphika, mayi. Ukathira madzi ochepa imapserera, ukachulutsa utaya." Za wailesiyo anati amagona nayo ili chiyatsire kuti m'nyumba mumveke munthu. Ine ndinkadabwa kuti mabatire amathera chiyani sabata iliyonse!

Ife ana timayesa kuti tikatumiza ndalama pa foni ndi kulipira mayunitsi a magetsi ndiye kuti tasamala kholo. Aphungu anachita bwino kukhazikitsa lamulo loteteza okalamba mu 2024, chifukwa agogo ambiri azunzika ponamiziridwa ufiti. Koma palibe lamulo lingamudzutse munthu usiku kumufunsa ngati wamwa mankhwala a BP. Ndipo bambo anga aliko bwino poti ndi mwamuna. Gogo wamkazi akangoonedwa kawiri akucheza ndi bambo wina potuluka m'tchalitchi, mudzi wonse umati wapenga, ena nkumati ndiye anadya mwamuna wake.

Kunena mosabisa, chimene tinkaopa ife ndi nyumba ija. Komatu mankhwala ake alipo: lamulo la chuma cha masiye la 2011 limalola munthu kulemba wilo akadali moyo. Bambo akanalemba, ife tikanagona tulo, iwo nkumadya nsima yotentha. Abusa, mashehe ndi ankhoswe, bwanji nkhani zotere simuzikamba? Uphungu wonse umathera pa achinyamata.

Sabata yatha ndinapita pa Mpondabwino ngati wogula. Mayi aja anandizindikira ndisanayankhule. Anandimangira bonongwe, naikapo tomato awiri a basera, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Bambo anu chifuwa chija chinasiya?" Ine za chifuwacho sindinkadziwa n'komwe.

Achimwene sanavomerebe. Ine ndawauza atsibweni kuti akonzeke, Loweruka likubwerali tikaonekere kwawo kwa mayiwo.

Mayi wa ku Sadzi,
Zomba