Ndikanene chiyani za bambo anga, dokotala amene tinkalimbirana ndi odwala?

Okondedwa Alangizi,

Mwezi wamawa chikwana chaka bambo anga chimwalirireni, ndipo akubanja asankha ine kuti ndikawerenge mbiri yawo pa mapemphero owakumbukira. Akuti ndine wodziwa kulemba. Pepalalo ndinaliyamba masabata atatu apitawo, koma mpaka lero pali dzina lawo ndi zaka zawo basi.

Bambo anali dokotala wa matenda a ubongo ndi minyewa kwa zaka 34. Odwala awo ambiri anali a khunyu ndi a sitiroko. Za khunyu ankachita kuzilalikira kwa aliyense wofuna kumva: kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo 7 mwa 10 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atamamwa mankhwala oyenera mosadumphitsa. Ife ana tinaloweza tili aang'ono kuti munthu akagwa usamuike kanthu m'kamwa, umugoneke cham'mbali, uyang'ane wotchi, ndipo akadutsa mphindi 5 akuphupha, thamangira naye kuchipatala. M'thumba la jekete yawo simunkasowa kanyundo ka labala. Akakhala osangalala ankatigogoda nako pabondo, mwendo n'kudumpha wokha, ife kuseka mpaka misozi.

Koma masiku otero anali owerengeka. Sitiroko ndiyo inkatilanda bambo. Mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo amafunika kuperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambireni sitirokoyo, choncho foni ikangolira ankanyamuka osacheuka. Tsiku limene ndinkalandira digiri yanga anafika anthu akutuluka m'holo, chithunzi tinajambulitsa pamalo oimika galimoto. Sindinadandaule. Udandaula bwanji pamene wina akanafa?

Kenako matenda omwe ankachiza anzawo aja anawagwira okha. Mayi ndiwo anayamba kuona kuti akamayenda, mkono wamanja sukugwedezekanso. Bambo anali atadziwa kale, anangotibisira. Madzulo ena anatisonkhanitsa n'kutifotokozera ngati akuphunzitsa ophunzira awo: kuti ndi matenda a Parkinson, amene James Parkinson wa ku London anawalemba mu 1817, kuti maselo a mu ubongo opanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza thupi kuyenda bwino, akufa pang'onopang'ono, kuti mankhwala otchedwa levodopa awathandiza kwa zaka zingapo koma sachiza. Sanalire. Ife ndife tinalira. Zinayendadi momwe ananenera, mpaka kumeza kunayamba kuvuta, chibayo n'kuwatenga.

Vuto langa lenileni ndi makope. Bambo ankadzuka mbandakucha tsiku lililonse kupemphera okha m'chipinda chawo chowerengera, ndipo palibe ankalowamo. Pokonza katundu wawo ndinapeza makope 11 m'kabati. Tsamba lililonse lili ndi tsiku, kenako mayina a odwala, aliyense ndi mzere umodzi wa pemphero. Wina akumupempherera kuti mwamuna wake asamuthawe chifukwa cha kugwa. Wina kuti lilime limasuke. Pena analemba mokalipa ndithu, kumufunsa Mulungu chimene mwana wa zaka 6 analakwa kuti chotupa chimere pamalo osatheka kuchita opaleshoni, ndipo pali masamba angapo amene analembapo kuti sakumva yankho lililonse. M'makope omalizira zilembo zikunka zichepa, monga zimachitikira ndi matenda a Parkinson, mpaka zikuoneka ngati nyerere zondondozana. Koma mayina akadalipo, tsiku ndi tsiku, ngakhale atasiya ntchito.

Ndikuuzeni chimene sindinauze aliyense. Ndinakhala usiku wonse ndikusaka dzina langa tsamba ndi tsamba. Ndinalipeza kanayi. Kanayi m'makope 11! Ndikudziwa, n'zachibwana mayi wa ana awiri kuchitira nsanje anthu odwala. Mwinanso ife ankatipempherera pamtima, osafunika kulemba kuti atikumbukire. Ndimadziuza choncho, koma mtima sukumva.

Tsopano m'banja mwagawanika. Mchimwene wanga wamkulu akufuna tiwerengeko masamba ena pamwambowo, ngakhale kusindikiza kabuku kumene, akuti anthu aone mtima umene bambo anali nawo. Mayi akukana kwamtuwagalu. Akuti anthu akamva mafunso aja adzati adokotala anafa atataya chikhulupiriro, pomwe iwo anakhala nawo zaka 41 ndipo akudziwa kuti si choncho. Afika ponena kuti bola kuwatentha. Ine nkhawa yanga ndi ina. Bambo sanatchulepo dzina la wodwala pakhomo ngakhale kamodzi. Chinsinsi cha wodwala ankachisunga ngati lumbiro la paukwati. Ambiri mwa anthu olembedwa m'makopemo ali moyo, ndipo ena adzakhala pamipando tsikulo. Ngakhale titafufuta mayina, mayi uja wa mwamuna wofuna kuthawa sangadzizindikire?

Pamaliro panabwera bambo wina woyenda ndi ndodo, pakamwa popindika pang'ono. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena movutikira kuti adokotala anakhala pambali pa bedi lake usiku wonse, ndipo ndine wodala kukhala mwana wawo. Ndinathokoza. Mumtima ndinkawerengetsa kuti usiku umenewo kwathu tinali tikuwadikira.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndikawerenge mbiri yosalala yomwe aliyense akuyembekezera, ya dokotala wachifundo, bambo wabwino, munthu wopemphera? Zonsezo n'zoona, sindikhala ndikunama. Kapena pali njira yonenera pagulu kuti chifundo chimenecho tinalipirako ndife, popanda kunyoza malemu kapena kukhumudwitsa mayi? Nanga makopewa mwini wake ndani tsopano: mayi, ife ana, kapena anthu olembedwamo? Pakadali pano ndawabisa kwanga, ndipo mchimwene wayimba kale kawiri sabata ino kufunsa kuti ndiwabweretsa liti.

Ine wanu,
Mwana wamkazi wa adokotala