Kodi tisamuke kwathu chifukwa cha sekondale?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ikutisowetsa tulo makolo ambiri kuno ku Makanjira.

Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 7 ndipo aphunzitsi ake amati mutu ulipo. Iye amafuna unamwino. Unamwinowo umalira kuti mwana akhoze bwino maphunziro a sayansi pa MSCE, pamene sekondale yoyendera ya CDSS imene ana a m'dera lathu amapitako ilibe labotale. Maikulosikopu amangoiona pa chithunzi cha m'buku. Sukuluyo ilinso patali, moti mwana amanyamuka kusanache.

Achimwene anga amene amakhala pa boma akuti tisamukire kumeneko mwanayu asanalembe PSLCE, mayeso a Sitandade 8. Mfundo yawo ndi yomveka. Ana ambiri amasankhidwira ku CDSS yoyandikana ndi pulayimale imene analembera mayeso, ndipo malo a kusukulu zogonera ngati St Michael's ku Malindi kapena Mangochi Secondary ndi ochepa kwambiri. Dzina likangotuluka, kumuchotsa mwana ku CDSS kuti apite kogonera si nkhani yapafupi.

Koma tikasamuka tikadya chiyani? Bambo a kunyumba ndi asodzi, bwato ndi maukonde awo zili pagombe pompano. Ine ndimayanika usipa pathandala n'kukagulitsa ku Limbe. Ndalama ya yunifolomu ndi makope imachokera m'nyanja momwemu. Pa boma tikalipira lendi, tikagula ufa, makala, ngakhale madzi akumwa. Munda umene timalima ndi wa amayi anga, ndipo amayiwo akalamba, maso akuvuta. Ndiwasiyire ndani?

Ena akuti ndingomufunira kachipinda pafupi ndi sukulu azidziphikira yekha. Izi zokha ndakana. Taona atsikana a Fomu 2 akubwerera kumudzi ali oyembekezera chifukwa ufa unawathera pakati pa mwezi ndipo wowagulira anapezeka. Kumutumiza kwa achimwene nakonso ndikuopa. Alamu ndi munthu wabwino, koma nyumba yawo ndi yodzaza kale, ndipo mwana wobwera ndi amene mbale ndi zochapa zimamuthera.

Sukulu za CDSS zinachokera ku malo ophunzirira a MCDE, amene anali a maphunziro a m'makalata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kuyambira nthawi imeneyo ana athu amalemba mayeso amodzimodzi a MANEB ndi anzawo a kusukulu zogonera, amene ali ndi magetsi, laibulale ndi aphunzitsi okwanira. Zimandipweteka kuti banja lizilingalira zosiya bwato, munda ndi kholo lokalamba kuti mwana angogwirako zipangizo za sayansi.

Ndikupempha a Unduna wa Zamaphunziro, khonsolo ya Mangochi ndi aphungu athu kuti pogawa ndalama zachitukuko za CDF aganizire hositelo ya atsikana, labotale ndi nyumba za aphunzitsi kutsidya lino la nyanja. Mchenga ndi miyala tidzatuta tokha makolo, angotiuza tsiku.

Kholo lokhudzidwa,
Makanjira, Mangochi