Kabawi ndi Mota ya Ndege Yathu

Mdzukulu wanga wokondedwa,

Uli bwanji mwana iwe? Dzino lija linkagwedera lazuka, kapena likadali lendelende? Amayi ako andikumbutsa pa foni kuti Loweruka lino ukwanitsa zaka 7. Ndawerenga ndi zala kawiri konse, ndapeza kuti n'zoonadi. Pakhomo pano pangoti zii chichokereni iwe. Kampando kako kali pomwe unakasiya paja, pafupi ndi tebulo la zipangizo, ndipo agogo ako aakazi akaniza aliyense kukasuntha.

Ndili ndi nkhani ya ndege yathu yaing'ono yofiira ija, youlutsa ndi rimoti. Usayambe kulira, yachira. Koma inagwa.

Lachiwiri mvula itakata ndinapita nayo kubwalo kuja. Inanyamuka bwinobwino, n'kukwera mpaka kuoneka kang'onong'ono. Ndiye mwadzidzidzi panatulukira kabawi. Sindinaone kumene anachokera. Ndinangoona mthunzi ukudutsa pa udzu, nditakweza maso n'kumupeza ali pamwamba pa ndege yathu, mapiko ali tambalale, osakupiza n'kamodzi komwe. Anatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pambali pake, awiriwo n'kumauluka limodzi ngati mapasa. Anapendeketsa mutu n'kuiyang'ana ndi diso limodzi, kenaka anatembenuka n'kuiyang'ananso ndi diso linalo. Nthenga zakunsonga kwa mapiko ake zinali zitatakasuka ngati zala za dzanja. Nthawi ina anatsitsa miyendo, zikhadabo zili poyera, ine mtima kuti phaa, koma anaibwezanso. Ukuganiza kuti ankati chiyani mumtima mwake? Kuti mbalame yanji yosakupiza mapiko? Yolira ngati njuchi? Kapena ankangofuna mnzake wocheza naye kumwambako? Ukandiyankhe, chifukwa iwe ndi amene umadziwa zolankhula za mbalame.

Maso anga anali pa kabawi, zala zili chiimire pa rimoti. Ndege inapendekeka, inazyolika, ndipo inadzalasa mphuno mumchenga wonyowa kuti phu! Kabawi anazungulira kamodzi pamwamba pake, anakatera mumtengo, anadzikung'untha nthenga, n'kukhala phee kundiyang'ana ndikuthamanga.

Ndisanathamange ndinayamba ndatsitsa kandodo kamoto pa rimoti mpaka pansi. Uzikumbukira zimenezi tsiku limene udzagwire rimoti wekha. Pulopela ikakodwa pansi koma magetsi n'kumapitabe, mota imakanika kuzungulira, mawaya ake amatentha n'kupsa. Nditafika ndinazula batire, ndipo ndinainyamula ndege ija pachifuwa kubwera nayo kunyumba. Pulopela inali itathyoka mbali imodzi.

Patebulo paja ndinayamba n'kuchotsa pulopela yothyokayo. Nthawi zonse pulopela ndiyo imayamba kuchoka, wamva? Ndi yakuthwa, ndipo siidziwa kuti ichi ndi chala cha mdzukulu wa munthu. Ndikaganiza za tizala tako tija timene timafuna kugwira chilichonse, tulo timandithawa. Ulonjeze kuti sudzayandikira mphuno ya ndege batire ili yolumikiza, kaya ndege yathu kaya ya wina.

Kenaka ndinaifunsa mota kuti ikumva kupweteka pati. Imayankhatu, ukaifunsa ndi chala. Mota yabwino ukaizunguza pang'onopang'ono imayenda modumphadumpha mofanana, ndu, ndu, ndu, chifukwa maginito am'kati amakoka n'kusiya, kukoka n'kusiya. Yathuyi inkati kwereche, kwereche, ngati ikutafuna miyala. Ndinainunkhizanso. Mota yopsa imatulutsa fungo loipa la pulasitiki wowauka, ndipo mawaya ake amada. Yathu inkangonunkha dothi lamvula, moti mtima wanga unakhala pansi.

Kumbuyo kwa shafiti, kamtengo kachitsulo kapakati kaja, kuli kachitsulo kakang'ono kopindika ngati chilembo cha C. Mwafika pa C kusukulu, eti? Kameneko ndi kamene kamagwira zonse kuti zisasolokane. Ndi kopulupudza kwambiri, ukakatokosa kamadumpha n'kukabisala kumene sungakapeze. N'chifukwa chake ndimalowetsa mota ndi manja anga omwe m'jumbo yoonekera m'kati, kuti kakadumpha kagwere momwemo. Kanadumphadi, ndipo kanagwera momwemo.

Ndinakoka mbali ziwiri za mota, maginito akukana, mpaka zinalekana. Ndikanakonda ukanakhalapo kuti uone! Mbali imene imazungulira ili ngati kachitini, ndipo m'khoma mwake mwamatidwa timaginito 14 mondandalika. Mbali yosazungulira ili ndi mano 12, dzino lililonse lokulungidwa ndi waya wa kopa wowala. Magetsi akalowa m'mawayamo, mano aja amasanduka maginito mosinthanasinthana, ili likoke, linzake likoke, linzakenso likoke, ndiye kachitini kaja kamathamangira kukokako osakupeza. Kuzungulira kwake n'kumeneko. Mota zamtunduwu amazitchula kuti brushless, chifukwa mulibe timakala tokhula timene timakhala m'mota za tigalimoto tako tija, timene timaperepeseka n'kutha.

Tsono timaginito tonse 14 tinali titamera ndevu zakuda! Mumchenga mumakhala tizitsulo ting'onoting'ono tosaoneka bwino ndi maso, ndipo maginito anatitola tonse. Ndinauzira ndi pakamwa, ndevu zinangogona n'kudzukanso. Ndinatenga tepi yomata, kuidinda pa maginito, kuimatula, kuidindanso, mpaka tepi inada bii, maginito n'kuwala. Pa mawaya a kopa ndinangodutsitsa mswachi wakale mofatsa. Pamenepo sipafika singano kapena mpeni, chifukwa waya uja anamupaka vanishi wopyapyala woletsa magetsi kudumphira pa waya mnzake. Vanishiyo akakalika, magetsi amadutsa chidule ndipo mota imapsa.

Kodi ukudya bwino kumeneko? Amayi ako akuti unali ndi chifuwa. Chatha? Uzivala juzi m'mawa, usamadikire kuti akuuze kawiri.

Tsopano za mabering'i, timphete tachitsulo timene shafiti imazunguliramo. Alipo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo m'kati mwake muli timipira tachitsulo tochepa kuposa mutu wa nyerere yaikulu. Yakumbuyo inkayenda myaa, ndiye ndinangoidonthezera kadontho kamodzi ka oyilo wopepuka. Kamodzi kokha, chifukwa oyilo akachuluka amaitana fumbi. Yakutsogolo ndi imene inalandira nkhonya ya kugwa kuja, inkakhakhala, ndipo bering'i yotero sichira ndi oyilo. Ndinaichotsa n'kuikamo yatsopano. Shafiti ndinaigubuduza pa kalilole wa agogo ako aakazi, atandibwereka. Ikakhala yopindika imatsimphina pogubuduka, koma yathu inayenda mowongoka mpaka kumapeto.

Nditabwezeretsa zonse ndinalumikiza mawaya atatu a mota ku kabokosi kotchedwa ESC, kamene kamauza mota liwiro loti ithamange. Ndinalowetsa batire. Ukukumbukira kanyimbo kaja unkavina? Kanalira! Pii, pii, pii, kuwerenga maselo atatu a batire yathu. Unandifunsa tsiku lija kuti sipika yake ili pati, ine n'kukuuza kuti ndidzakuuza ukakula. Wakula tsopano. Mulibe sipika. ESC imanjenjemeretsa mota mofulumira kwambiri, ndiye woimbayo ndi mota mwini wake.

Nditakankha kandodo pang'ono, inazungulira chobwerera m'mbuyo. Imeneyo si nthenda. Ungosinthanitsa mawaya awiri alionse mwa atatu aja, basi, imatembenuka. Ndinatero, ndipo inalira mawu ake akale, osalala, opanda kwereche. Ndinaisiya kanthawi, n'kuizimitsa, n'kuikhudza ndi chala. Inali yofunda chabe. Ikatentha moti chala sichingapirire ndiye kuti yalemedwa, mwina pulopela yakula, ndipo maginito ambiri amtunduwu akapitirira madigiri 80 amayamba kufooka osabwereranso mphamvu.

Pambali pake palembedwa 1000KV. Tanthauzo lake n'lakuti volti iliyonse imaizunguza ka 1,000 pa mphindi imodzi ikakhala yopanda pulopela. Batire yathu ndi ya mavolti 11.1, ndiye kuti kuzungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi yokha! Iwe ungazungulire kangati pa mphindi imodzi? Usayese ayi, ungamve chizungulire n'kugwera pa tebulo. Za batire ija, lamulo lathu silinasinthe: amaigwira ndi agogo okha. Mabatire amtundu wathuwu, otchedwa LiPo, akabooka kapena akatupa amatha kuyaka moto.

Pulopela yatsopano ili mudilowa, sindinaiike. Ndikudikira iwe kuti udzandigwirire sipanala, ine ndikumanga, batire ili kutali. Kabawi uja akumadutsabe pamwamba pa bwalo madzulo alionse, akuyang'anayang'ana pansi. Mukutsekera liti sukulu? Uwauze amayi ako andiuze tsiku lenileni, ndipo undijambulire kabawiyo papepala udzabwere naye, wamiyendo yotsitsa.

Agogo ako aakazi akuti akukufungatira. Ukondwere bwino Lowerukali, mwana wanga.

Ndine,
Agogo ako aamuna