Anyamata athu aphunzire zoika netiweki pa mlongoti penipeni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe zachitika kuno kwa Kamwendo, ku Mchinji, pa ntchito yoika netiweki ya intaneti m'mudzi muno. Loweruka lapitali mwana wa mlongo wanga, mmodzi mwa anyamata amene anadzipereka kuti aziika zipangizo, anatsetsereka pa denga la malata atanyamula rauta, kachipangizo kogawa intaneti. Anapulumukira pa mtanda wa khonde, koma lata linamung'amba chikhatho mpaka kukasokedwa kuchipatala. Makwerero anali obwereka, omangidwa ndi linya. Analibe lamba wodzimangirira ngakhale chisoti. Ine ndine mwini mbumba. Akanafa, ndikanawauza chiyani mayi ake?

Mnyamatayu ali ndi satifiketi yonena kuti anaphunzitsidwa. Ndinamufunsa kuti anaphunzira chiyani. Akuti anakhala masiku awiri mu holo kuboma akuonera zithunzi pakhoma, ndipo pomaliza anasainira alawansi n'kujambulidwa. Palibe ngakhale mmodzi anakwera mlongoti kapena kugwira waya. Waya wa netiweki uli ndi timawaya 8 mkati mwake, tamitundumitundu, ndipo ukasokoneza ndondomeko yake pomangirira kamutu, sugwira ntchito. Chopanira timitu timeneti chilipo chimodzi, nachonso chimatsekeredwa mu ofesi. Ndiye mwana aphunzira bwanji chinthu chomwe sanachikhudzepo?

Netiweki yotereyi imayenda mopatsirana, rauta ya pasukulu kupatsira ya pamsika, ya pamsika kupatsira ya patchalitchi. Kuti zitheke, ziyenera kuonana bwino. Pitani mukaone yomwe anaika kuseri kwa chigayo. Yayang'anizana ndi mtengo wa mango, ndipo anyamata akhala sabata yathunthu akudabwa chomwe chavuta. Sola anaiyang'anitsa kummwera, pomwe mmisiri aliyense wa sola amadziwa kuti kuno kwathu imayang'ana kumpoto. Dzuwa likangolowa, batire yatha. Chondiopsa kwambiri n'chakuti mlongoti wachitsulo waima pamwamba pa nyumba yogona anthu wopanda waya wotsikira pansi woteteza ku mphenzi, ndipo mvula ya mu Novembala ili pafupi. Anyamatawa sanalakwe, palibe anawauza.

Kodi a MACRA, bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga, akudziwa kuti zinthu zikuikidwa chonchi? Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti mauthenga afike kumidzi ngati kuno, ndipo ife tikuifunadi intaneti yotsika mtengo. Ana athu akufuna kuwerenga, alimi a soya ndi mtedza akufuna kumva mitengo asanagulitse kwa mavenda. TEVETA ilipo kuchokera mu 1999, ntchito yake ndi kuona za maphunziro a luso la manja. Bwanji osafunsa kumeneko kuti munthu woika zipangizo padenga aphunzitsidwe motani? Kodi a DC anaonetsedwa ndondomeko ya maphunzirowa? Nanga mafumu athu anangoitanidwa kudzaombera m'manja tsiku lotsegulira basi?

Matenda amenewa ndi akale. Taonani mijigo yomwe yaima m'midzi muno chifukwa komiti inaphunzitsidwa kulemba mayina m'kaundula koma osati kusintha labala. Ndalama zimathera pa holo, chakudya ndi mafuta a galimoto za alendo, ndipo alendowo akachoka chinthu chimafa tikuyang'ana. Kenaka amatinena kuti anthu akumudzi sitisamala zachitukuko. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa mwana wa mlongo wangayu anasiya dimba lake la tomato kuti agwire ntchitoyi osalandira kanthu.

Eni ntchitoyi abwerere mvula isanagwe. Abwere ndi mmisiri akhale nawo anyamatawa sabata ziwiri pa mlongoti penipeni, aliyense amange waya ndi manja ake mpaka ugwire. Agule malamba, zisoti ndi makwerero achitsulo, ndipo bokosi la zida lizisungidwa kuno. Pakadali pano wanga ndamuletsa kukweranso denga lililonse.

Malume wodandaula,
Kamwendo, Mchinji